Mawu Otayikira M'khola la a Kwayaka

Dzina lawo lenileni ndi Wilkins Makwakwa, koma mukafika ku Champhira n'kufunsa dzina limenelo, anthu adzangokuyang'anani ngati mwabwera kudzagulitsa mankhwala a makoswe. Funsani a Kwayaka. Aliyense adzakulozerani nyumba ya malata adzimbiri m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Mzuzu, pamene pali khola la ng'ombe ndi mpando wathabwa umene suyang'ana kumsewu kapena kunyumba.

Dzinali analitenga ku nkhalango ya paini ku Luwawa. Analembedwa ntchito kumeneko ali mnyamata wa ndevu zitatu, n'kuwakweza pansanja yaitali kuti aziyang'ana utsi. Pansanjapo panali lamya yopukusa: umagwira kachogwirira, kupukusa mwamphamvu, belu n'kulira ku ofesi. Sabata yoyamba yomwe, m'mawa kuli nkhungu, anaona kufiira kuseri kwa phiri. Anapukusa lamya ija mpaka thukuta kamukamu, n'kukuwa kuti kwayaka, kwayaka kum'mawa konse. Amuna makumi atatu anakwera thirakitala ndi zikwanje ndi nthambi zozimitsira moto, anathamangira kum'mawa kuja, n'kukapeza kuti ndi dzuwa. Bwana wa nkhalango sanawachotse ntchito. Anati munthu amene waneneza dzuwa sangabise moto wa munthu wamba, choncho akhale pomwepo.

Anakhaladi, zaka makumi awiri ndi zinayi. Pansanja munthu sakhala ndi wocheza naye, ndiye iwo anacheza ndi waya mpaka kumudziwa ngati mbale wawo. Anadziwa kuti waya ndi mlatho wa mtengo umodzi: wina akamaoloka, mnzake amadikira. Anadziwanso kuti lamya ikangoti zii, si kuti a ku ofesi akwiya ayi, pali pamene waya waduka. Ankatsika ndi pulayala m'thumba, kutsata mitengo umodziumodzi mpaka kupeza podukapo, kupota nsonga ziwirizo, mawu n'kuyambanso kuyenda. Chiphunzitso chawo chonse chinali chimodzi, ndipo ankachinena ngati vesi: mawu sasowa okha, pali pamene agwera.

Waya uja anatha pang'onopang'ono, anthu akumudula kukatchera agwape. Mitengo nayo inatha, ina ndi moto, ina ndi macheka, mpaka nsanja inatsala ikulondera zitsa. A Kwayaka anabwerera kumudzi ndi chipewa cholimba cha kuntchito, pulayala uja, ndi khosi lozolowera kuyang'ana kutali.

Kumudzi kunali akazi awo, a Kezia, mayi wa pakamwa posachedwa kuyankha, ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha pakati pa atsikana anayi. Dzina lake Justus. Mwanayu anabadwa ngati mawu amagula. Ukamufunsa ngati wadya, ankangoloza mbale. Atakula anakwatira Fyness, mtsikana wa ku Edingeni, ng'ombe zinapita kwa makolo a mkazi monga mwa mwambo, anamanga kanyumba kuseri kwa nkhokwe, ndipo patangotha miyezi isanu ndi umodzi anakwera basi. Kuno ku Mzimba mnyamata akamera ndevu sayang'ana khasu, amayang'ana basi ya ku Joni, ndipo palibe amene anadabwa.

Justus ankaimba foni Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse, anthu akatuluka m'tchalitchi. Nthawi imeneyo netiweki inkapezeka pachulu pokha, ndiye a Kwayaka ankakwera pachulu atavala jekete, foni ili m'mwamba ngati akudalitsa mudzi. Kucheza kwake kunali kumodzimodzi mwezi ndi mwezi.

"Adada."

"Yewo."

"Nili makora."

"Nase tili makora."

"Mbwenu."

Basi, ali bwino iye, ali bwino iwo, nkhani yatha. Kenako foni inkapita kwa Fyness, ndipo zimene ankauzana awiriwo sizinali zotalika kuposa pamenepa. Koma a Kwayaka ankatsika pachulupo atakhuta. Anali munthu wa lamya, ankadziwa kuti chachikulu si kuchuluka kwa mawu koma kuti waya ali moyo.

Chaka chimene mvula inachedwa kunabwera anthu a zipewa zachikasu akukhoma zikhomo zofiira m'mbali mwa msewu. Anati akufuna amuna okumba ngalande yofika m'chiuno kuchokera ku Jenda kulowera kumpoto, muikidwe chingwe cha faiba. Palibe ankadziwa kuti faiba n'chiyani. Ena ankati ndi paipi ya petulo, ena ankati ndi kopa, n'kuyamba kunola macheka awo mwakachetechete. A Kwayaka analembetsa nawo, ndipo poti aliyense ankapatsidwa ndime yake, iwo anawapatsa ya pakhomo pawo pomwe.

Vuto linali loti zikhomo zija zinadutsa pangodya ya khola. Pangodya imeneyo ndi pamene anagona bambo awo, pafupi ndi ng'ombe zawo, monga amaikira akuluakulu a Chingoni. A Kwayaka sanakangane ndi aliyense. Anali atagwira ntchito ndi anthu a zipewa zolimba moyo wawo wonse, ankadziwa kuti sukangana nawo, umangowadikira apite kukadya. Kapitawo atakwera njinga yamoto kukafuna chipisi ku Jenda, iwo anazula zikhomo zisanu ndi ziwiri n'kuzikhomanso mozungulira khola. Ngalande inabwera molunjika, inafika pakhola n'kupatuka mwaulemu ngati chigongono, kenako n'kubwerera m'njira yake. Kapitawo anabwera atakhuta, anayang'ana ali panjinga pomwepo, anaona kuti ngalande ndi zikhomo zikugwirizana, n'kupitirira.

Anayala paipi yapulasitiki, chingwe chili m'kati mwake, anakwirira, anadzala timizati tasimenti, anthu a zipewa zachikasu n'kupita. Netiweki inatsika pachulu n'kulowa m'nyumba. Anthu anayamba kuonerana nkhope pafoni ndi abale awo akutali, mpaka ena kudandaula kuti kale bodza linkayenda bwino.

Lamulungu loyamba la mwezi wotsatira, Justus sanaimbe. Mwezi winawo sanaimbenso. Akamuimbira, ankayankha mzimayi wa Chingerezi chosalala wonena kuti nambalayo sikupezeka. A Kwayaka anafunsa aliyense wotsika basi ya ku Joni. Wina anati anamuona ku Durban atanenepa, wina anati ku Cape Town ataonda, wina anati Justus wake uti. Chaka chisanathe anthu anayamba kunong'ona liwu limene a Kezia sankafuna kulimva pakhomo pawo, lakuti mtchona, munthu wopita osabwerera.

Tsiku lina masana panaima pikapu pa dzenje lovundikira ndi simenti limene linali chapafupi ndi nyumba yawo. Munatsika mtsikana wovala mpango kunsi kwa chipewa cholimba. Anali Amira, mwana wa a Abdulrazak ogulitsa nsalu mumsika wa pa boma, ndipo ntchito yake inali yolumikiza ndi kuyeza chingwe chija. A Kwayaka anamutengera kampando ndi kapu ya chindongwa, thobwa la kuno, n'kukhala pambali ngati mnzake wa ntchito.

"Mama, ine ndine munthu wa waya," anatero. "Muli kopa wochuluka bwanji m'menemu?"

"Mulibe kopa, adada. Ndi galasi." Anawapatsa kachidutswa kotsala, kaulusi kopyapyala ngati tsitsi. "Mawu amasanduka kuwala, kuwalako n'kumathamanga m'kati mwa kaulusi aka. Kuwala kwake maso sakuona, koma musadzayang'anemo, kumaononga maso."

Munthu woti ananenezapo dzuwa n'kumuuza za kuwala kosaoneka, zinawavuta, koma anameza. "Nanga amalankhula angati pa nthawi imodzi?"

"Dziko lonse."

"Osadikirana?"

"Osadikirana. Kuwalako kuli mitundumitundu ngati utawaleza, mtundu uliwonse ndi anthu ake."

"Ulemu unatha," anatero a Kwayaka. "Za ku Joni nazo zimadutsa muno?"

"Zambiri chomene."

Poyankhula choncho n'kuti iwo akupinda kaulusi kaja ndi zala. Amira anawagwira dzanja. "Osakapinda choncho, adada. Kuwala sikukonda pokhota. Mukapinda kwambiri kumadumphira kunja, mawu n'kutayika."

A Kwayaka anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana khola lawo. Akanangofunsa kuti kupinda kwambiri n'kupinda kotani, nkhani ino ikanathera pomwepa. Koma munthu wodziwa kulakwa kwake safunsa mafunso, amaopa mayankho. Anawerenga miyezi chamumtima: chingwe chinakwiriridwa mwezi wakuti, Justus anasiya kumveka mwezi wotsatira. Mtima wawo unagunda ndi mantha, komanso, tinene zoona, ndi chimwemwe. Mwana wawo sanawataye. Ankaimba ndithu mwezi ndi mwezi, koma mawu ake akafika pachigongono chija ankalephera kukhota, n'kugwera m'khola.

Anaulula zonse kwa akazi awo madzulo a tsiku lomwelo, akutsekera ng'ombe. A Kezia anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'chiuno.

"Munayamba n'kuneneza dzuwa," anatero. "Lero mukuneneza khola. Mawa muneneza ine."

Iwo sanabwerere m'mbuyo. Akale anati madzi akatayika sawoleka, koma akalewo sanaonepo beseni lapulasitiki. A Kwayaka anatchera mabeseni atatu pangodya ya khola. Anazika nsungwi yoboola pamwamba pa chigongono chija kuti aziikapo khutu. Anakhoma mpando wathabwa, n'kuyamba ntchito monga ankachitira pansanja: kufika m'mawa, kuchoka dzuwa likapendeka, chipewa cholimba kumutu. M'nsungwimo munkamveka kung'ung'udza, makamaka lole ikamadutsa, ndipo iwo ankati ndi anthu a ku Lilongwe akukangana.

Kenako anazindikira za Sitima. Sitima inali ng'ombe yawo yokoka ngolo, yakuda, ya nyanga imodzi yopindika, ndipo inkakonda kugona pangodya yomweyo. Munthu wina akanati ikutsata dothi lofewa. A Kwayaka anaona kuti makutu a ng'ombe ndi aakulu kuposa a munthu, ndipo ali pafupi ndi nthaka. Lamulungu loyamba la mwezi, anthu atatuluka m'tchalitchi, anavala jekete n'kukaima pamaso pa Sitima. Ng'ombe inawayang'ana, inabzikula, kenako inalira kamodzi.

"Yewo," anayankha a Kwayaka.

Inaliranso kachiwiri.

"Nase tili makora."

Kuyambira tsiku limenelo Sitima sinakokenso ngolo. Inkadya madeya a nkhuku, mapesi osankhidwa ndi mchere wa m'nyumba, mpaka inanenepa ngati ng'ombe ya pachithunzi. A Kezia ankadutsa ndi ndowa pamutu akung'ung'udza kuti anabereka munthu ndi ululu, lero akupatsidwa moni ndi ng'ombe.

Nkhani inamveka, ndipo anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Oyamba kusiya kuseka anali azimayi amene amuna awo anapita ku Joni n'kukhala chete, ndipo kuno azimayi otero si osowa. Ankadutsa popita kumjigo, kuima pang'ono kuti aseke nawo, kenako kufunsa ngati mwanthabwala kuti kodi m'nsungwimo simunamveke dzina lakuti Wallace. Wamisala anaona nkhondo, ankatero, n'kutula ndowa. Pasanathe miyezi itatu, Lamulungu masana pakhola pankakhala azimayi khumi ndi mphambu, akulandirana nsungwi. Pangodyapo panamera dzungu la masamba aakulu ngati ambulera, ena n'kumati lakula ndi Chingerezi cha ku Joni, osati ndowe. Mayi wina anadya nkhwani wake n'kulota nambala ya foni. Ataiimba inali ya chigayo cha ku Euthini, koma anthu anati chachikulu n'chakuti nambalayo inalowa. Makondakitala a minibasi nawo anapatsa malowo dzina, mpaka lero amafunsa ngati alipo otsika pa Mawu.

Tisawaseke kwambiri azimayi amenewa. Kuuzidwa kuti mwamuna wako anaimba koma mawu anagwera m'khola n'kopepuka kusenza kusiyana n'kuuzidwa kuti sanaimbe. A Kwayaka sankalandira kanthu kwa aliyense. Ankangogawa chimene iwo eni ankakhalira moyo.

Mmodzi yekha sanakhalepo pansi pakholapo, ndiye Fyness. Ankadutsa ndi khasu paphewa, kugwada patali kupereka moni kwa apongozi ake monga amachitira mkamwana, mkazi wa mwana wa pakhomo, n'kupitirira. Ndiye ankalima munda wa Justus, ndiye ankazira nyumba ya Justus, ndiyenso anasamala a Kezia chaka chimene anagona miyezi iwiri ndi chibayo. A Kwayaka ankamukonda ngati mwana wobereka okha. Ankadziwanso kuti utsi ukamatuluka m'kanyumba kaja, Justus ali ndi kobwerera.

Chaka chachisanu Justus ali chete, anthu atangomaliza kukolola, Fyness anabwera pakhola ndi a Kezia, n'kugwada pataliko ndithu. Analankhula moyang'ana pansi.

"Adada, ndapota, mundimvere. Alongo anga akubwera kutha kwa mwezi wamawa. Ngati sindimva mawu a mwana wanu, ochokera pakamwa pake, ndikupita kwathu ku Edingeni."

"Mama, mawu akubwera. Lamulungu lapitali Sitima..."

"Adada," anatero Fyness mofatsa, "ine sindinakwatiwe ndi ng'ombe."

A Kezia anayang'ana kumbali.

A Kwayaka anaona kuti nthawi yotchera mabeseni yatha. Iwo ndiwo anapinda njira ya mawu, iwo omwe aiwongole. Anagula mowa wamasese n'kukathira pamanda a bambo awo, kuwafotokozera kuti chingwe chidutsa chakumiyendo, ndipo asadandaule, si chitsulo, ndi galasi chabe. Anasuntha mpanda wa khola. Anakumba masiku anayi dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe anawafunsa kanthu, chifukwa munthu wovala chipewa cholimba akamakumba m'mbali mwa msewu aliyense amati watumidwa. Paipi inaonekera yonse, chigongono chili poyera. Anayesa kuikoka ndi manja, koma inali itauma m'malo mwake ngati muzu.

Anasankha m'mawa wa Lamulungu loyamba la mwezi, kuti pofika masana mawu apeze njira yowongoka. Anamanga tcheni cha ngolo pachigongono paja, mbali inayo n'kumanga Sitima. Kunali koyenera, anatero, kuti amene wakhala akulandira mawuwo ndiye awatsegulire njira. Ng'ombe inakoka monyinyirika, poti inali itaiwala ntchito. Paipi inasuntha. Inasunthanso. Chigongono chinayamba kutambasuka bwinobwino, a Kwayaka akuti pang'ono, pang'ono, Sitima mwana wa mfumu. Nthawi yomweyo lole ya matabwa inatulukira pamtunda n'kuliza hutala lake lonse. Sitima inadzidzimuka n'kuliyatsa liwiro la zaka zinayi zimene inasunga. Chingwe chinawongoka, kenako chinapitirira kuwongoka, kenako chinangoti phwa.

Walira mvula walira matope. Pasanathe ola, mafoni a chigawo chonsecho anali atasanduka matochi. Pa boma anthu anatuluka m'masitolo manja ali m'mwamba, kusakasaka netiweki ngati akuthamangitsa ngumbi. Zulu zimene zinapuma kwa zaka zambiri zinakweredwanso ndi anthu a masuti a kutchalitchi. Akuti m'nyumba zina mwamuna ndi mkazi anakakamizika kucheza, n'kupezana kuti ndi anthu abwinobwino.

A Kwayaka sankadziwa zonsezo. Anagwada m'ngalande, anagwira nsonga yochokera kumwera, kumene kuli Joni, n'kuilozetsa m'beseni, nkhope atatembenuzira kumbali monga anawachenjezera. Timaulusi tinali lendelende ngati ndevu za chimanga. Anadikira mpaka anthu anatuluka m'tchalitchi n'kudzaunjikana. M'beseni munagwa dothi pang'ono ndi nyerere imodzi.

Pikapu inafika dzuwa litapendeka. Munatsika Amira ndi kapitawo wina watsopano, amene anayamba kutchula apolisi phazi lisanaponde pansi. Amira anazungulira malowo. Anayang'ana ngalande, tcheni, manda, beseni, ndi Sitima imene inali kudya udzu tsidya la mundawo ngati nkhaniyo siikuikhudza.

"Adada, chachitika n'chiyani?"

Anamufotokozera zonse, kuyambira zikhomo zisanu ndi ziwiri zija. Sanabise kanthu, anali munthu wozolowera kupereka lipoti. Anamaliza ndi kunena kuti mwiniwake wa mawu akuti kuwala sikukonda pokhota ndi iyeyo.

Amira anali atatopa, foni ya bwana wake inali itamulalatira njira yonse mpaka pamene netiweki inathera, ndipo anayankha monga munthu wa ntchito yake. "Adada, kupinda ndinkanena ine n'kozunguliza pachala. Kukhota ngati uku, kozungulira khola lonse, kuwala sikukumva n'komwe. Ndili ndi makina amene amatumiza kuwala m'chingwemu n'kundiuza paliponse pamene patayika kanthu. Ndimayeza chaka ndi chaka. Pano sipanatayikepo kalikonse."

"Ngakhale Lamulungu?"

"Ngakhale Lamulungu."

Azimayi a pansungwi aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi, wina akukonza chitenje, wina akuitana mwana amene sanabwere naye. Fyness, amene anaima kumbuyo pafupi ndi nkhokwe, anatembenuka n'kulowa m'kanyumba kake. A Kwayaka anavula chipewa cholimba chija. Anthu ambiri aka kanali koyamba kuona kuti mutu wawo wonse ndi imvi. Apo m'pamene Amira anazindikira chimene wathyola, ndipo chinamupweteka kuposa chingwe.

Kapitawo anali akufunsabe dzina loti alembe.

"Lembani kuti ng'ombe," anatero Amira. "Yadula ndi ng'ombe, anthu onsewa aona. Ngati mukufuna kupita nayo kupolisi, ndi iyo ili apoyo."

Kapitawo anayang'ana Sitima ndi nyanga yake yopindika, n'kulemba kuti ng'ombe.

Amira anayala zida zake kumbuyo kwa pikapu. Podukapo panafunika chidutswa chatsopano, kutanthauza mfundo ziwiri, ina uku ina uko. Ankasenda kaulusi kalikonse, kukapukuta, kukadula bwino, n'kukaika m'kamakina kokhala ngati bokosi la nsapato. M'katimo munkathetheka kamoto, magalasi awiri n'kusungunukirana kukhala amodzi, kenako pagalasi la makinawo n'kutuluka nambala. A Kwayaka, ngakhale mtima unali utasweka, anali munthu wa waya. Anasendera pafupi, pulayala wawo ali m'thumba.

"Nambala ikutulukayo ndi ya chiyani, mama?"

"Ndi kuwala kotayika pamfundo. Mfundo iliyonse imadya pang'ono, ngakhale wolumikizayo akhale katswiri bwanji."

"Imadya." A Kwayaka anayang'anitsitsa mfundoyo. "Ndiye kuti kuyambira lero pano pazitayika kanthu."

Amira anatsegula pakamwa kuti afotokoze kuti sizitero, kuti kuwala kukachepa pang'ono mawu amafikabe onse. Anakumbukira bambo ake kumsika, amene munthu akabwera kudzagula nsalu ya maliro sakoka tepi kwambiri poyeza. Anatseka pakamwa, n'kuika kaulusi kena m'makina.

"Pang'ono chomene, adada. Mwina pa mawu chikwi, limodzi."

"Limodzi," anatero a Kwayaka, akugwedeza mutu. "Justus sanali wolongolola. Limodzi n'lokwana."

Pomanga katundu, Amira anayesa kuwasangalatsa ndi nkhani za ntchito. Anawauza kuti kunja akupanga ulusi wina wamphako m'kati ngati phesi la udzu, woti kuwala kuziyenda mumphepo, mwaliwiro kuposa apa, ndipo akuti m'tsogolo muno kotayika kudzakhala kochepa zedi. A Kwayaka anamvetsera mwaulemu mpaka anamaliza.

"N'zabwino, mama, dziko lipite patsogolo," anatero. "Koma mukadzabwera nacho chimenecho, ndapota, mudzachidutsitse tsidya ilo la msewu."

Fyness anapita kutha kwa mwezi monga ananenera. A Kwayaka sanamuletse, ndipo anakana kuti alongo ake anyamule chikwama. Anachisenza okha mpaka pamsewu, n'kuimitsa okha minibasi. Fyness anagwada m'fumbi momwemo, kondakitala akumenya chitseko.

"Adada, liwulo likadzafika, musavutike n'kunditumizira. Lidzakhale lanu."

"Yewo, mama," anayankha. Anaimabe pomwepo mpaka minibasi inabisika pamtunda, khosi lija lozolowera kuyang'ana kutali lili chiimire.

Masiku ano Sitima inabwerera pangolo, ndipo yaonda ngati ng'ombe zinzake. Mabeseni anabwerera kukhitchini. Azimayi aja sabweranso, kupatula mmodzi kapena awiri amene amachedwetsa phazi akamadutsa. Denga la kanyumba ka Justus layamba kulowa m'kati, ndipo a Kwayaka amati alifolera mvula isanagwe, chaka chino ngati chatha. Mpando wathabwa anausuntha n'kuuika pakatikati pa mfundo ziwiri zija, anachita kuyeza ndi mapazi kuti usakondere mbali imodzi. Nsungwi anaisiya, amati liwu limodzi silifuna paipi, likadzatuluka lidzamveka lokha.

Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse, akatuluka m'tchalitchi, savula jekete. Amapita molunjika pampando paja, manja pamaondo. Pakapita kanthawi a Kezia amatuluka m'nyumba ndi kampando kawo, akung'ung'udza za amuna amene ukalamba unawalowa kumutu, n'kudzakhala pambali pawo, mpango atausunthira kuseri kwa khutu. Mukawafunsa amati akutsata mthunzi. Pamalopo palibe mtengo.